Kompyuta Imene Inameza Makalata a Fadila

1

Mukandiona pa renki ya matakisi ku Germiston, mpango wosita bwino kumutu, chikwama cha mapepala m'khwapa, munganene kuti mayi uyu sanaswepo ngakhale kapu. Dzina langa ndi Adija. Kwathu ndi ku Mangochi, koma Joni yandisunga zaka khumi ndi zinayi. Ndimalemba mapepala a katundu pa kampani ina ya malole ku Spartan, ndipo ndimachita lendi zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ina ku Thokoza. Amalawi anzanga akafuna kudzaza fomu kapena kulemba kalata yofunsira ntchito amabwera kwa ine. Amati Adija amadziwa zinthu. Matenda anga anayambira pomwepo, chifukwa ndinawakhulupirira.

Mng'ono wanga Fadila ndinamulera ndine makolo athu atamwalira. Sukulu ndinamusankhira ndine, ulendo wa ku Joni ndine, makina osokera ndine, makasitomala oyamba a maovolosi ndine. Chinthu chimodzi chokha anasankha yekha, ndicho mwamuna, ndipo anasankha Zakaria.

Ndisamunamizire mlamu wangayo, sanamumenyepo Fadila. Anali wowotcherera zitsulo waluso, wanthabwala, koma wamtima wapachala ndi nsanje ya tambala. Maoda a maovolosi ankabwera pa imelo, ndipo Zakaria ankaiwerenga pa foni ya mkazi wake ngati nyuzipepala. Tsiku lina kapitawo wa kampani ina analemba moni wotsekemera pang'ono. Zakaria anamuimbira foni n'kumutukwana, oda ya maovolosi makumi anayi n'kuthawa. Fadila atalankhula mopsa mtima, iye anaimirira pakhomo pa mkhukhu wawo, kanyumba ka malata, kudera la Ramaphosa, aneba akumva, n'kupereka talaka.

Kwa inu amene si Asilamu, talaka yoyamba sidula ukwati pomwepo. Mkazi amakhala pa eda, nthawi yodikira ya pafupifupi miyezi itatu. Mwamuna akanena kuti wamubwerera mkazi wake eda isanathe, ukwati umapitirira. Akakhala chete mpaka eda kutha, mkazi ndi mfulu.

Fadila anafika kwa ine makina ali pamutu. Patatha mlungu umodzi tinamva kuti apolisi amugwira Zakaria ndi mapepala otha ntchito ndipo amutumiza kumudzi. Ine ndinathokoza Mulungu chamumtima. Mawa lake ndinamugulira Fadila simu khadi yatsopano, yakaleyo n'kuithyola pakati.

2

Inatsala imelo. Adiresi sitikanasintha chifukwa makasitomala onse ankadziwa yomweyo. Koma Zakaria ankadziwa pasiwedi, komanso intaneti ya pabwalo pathu tinkagawana mabanja asanu ndi limodzi. Ndinalumbira kuti makalata a mng'ono wanga sadzawerengedwanso ndi munthu wosayenera.

Kuntchito ankagulitsa makompyuta akale a pa tebulo, ine n'kutengako imodzi. Kenneth, Mzambia wa ku Chipata amene amakonza makompyuta pa kampani pathu, anandilembera zochita pa kapepala.

"Asisi, muyambe mwachinja pasiwedi," anatero. "Mukatsegula pulogalamu ya imelo, pa makalata obwera musankhe IMAP, poti 993, na SSL muyatse. SSL ndiye loko yanu. Kalata iyenda yokiya kuchoka ku seva mpaka pa kompyuta yanu, wa pa njira sangaone kanthu."

Pansi pa kapepalako analemba mawu ena akuti POP, ndipo ndinamufunsa. Anati seva ili ngati bokosi la ku positi ofesi. IMAP imawerenga kalata n'kuisiya m'bokosimo kuti foni nayo iione. POP imatenga kalata n'kubwera nayo kunyumba, bokosi n'kutsala lopanda kanthu, pokhapokha utachonga kabokosi kouza seva kuti isunge kope. Anati POP ndiigwiritse ntchito zikavuta basi, pa poti 995, ndipo kabokosiko ndisakaiwale. Ndinagwedeza mutu ngati munthu amene akuuzidwa zimene akuzidziwa kale.

Loweruka masana ndinaika kompyuta ija pa tebulo, pafupi ndi makina osokera. Ndinasintha pasiwedi, ndinalemba dzina la seva, ndinasankha IMAP. Inakana. Ndinayesanso, inakana. Kachitatu inakananso. Fadila anali chiimire kumbuyo kwanga, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kunena kuti bwanji tidikire Lolemba tikafunsenso kwa a Kenneth.

Ine kudikira? Ine kukagwadira Kenneth kawiri pa nkhani imodzi? Ndinayambiranso, ndinasankha POP, ndinalemba 995, ndinayatsa SSL. Sipanatenge nthawi, makalata a zaka zitatu anayamba kukhuthukira pa sikirini.

"Waona?" ndinatero. "Tsopano ngakhale mfiti singawerenge makalata ako."

Kabokosi kaja sindinachonge. Ndinaiwala, ndipo apa ndikunena zoona zenizeni.

3

Fadila ndi kompyuta sanagwirizane. Ankagwira mausi ngati wagwira chule. Choncho ntchito inagwera ine. M'mawa uliwonse ndisanathamangire takisi ndinkawerenga makalata, n'kumulembera maoda pa pepala, n'kumusiyira pa makina. Kompyutayo tinkangoisiya chiyakire, ndipo pa mphindi zingapo zilizonse inkapita ku seva kukakokolola chilichonse chimene chafika.

Pa mlungu wachiwiri Fadila anadandaula kuti pa foni yake sipakubweranso kalata ngakhale imodzi, ngakhale ndinamuikira pasiwedi yatsopano. Pomwepo ndinakumbukira kabokosi kaja. Kukonza kwake kunali kudina kamodzi. Ndinamuuza kuti chitetezo chimatero, iye n'kukhulupirira, chifukwa achemwali ake amadziwa zinthu.

Eda inkayenda, mwana wa mayi anga akuonda. Ankasoka, ankaswali, ankachonga masiku pa kalendala ya kubutchala, ndipo foni sinkachoka m'thumba la epuloni yake. M'mawa uliwonse funso linali lomwelo.

"Achemwali, palibe china chabwera?"

"Maoda awiri, wina akufunsa mtengo. Ukufunanso chiyani?"

Tsiku limene eda inatha analira mpaka maso kutupa. Kenako anasamba kumaso, anakhala pa makina, n'kunena mawu amodzi okha, kuti ndiye kuti bamboyo sankamufunadi.

Patatha miyezi ingapo kunabwera Umar, mkulu wa madalaivala pa kampani ina yaing'ono, kudzasoketsa malaya a anthu ake. Munthu wa ku Machinga, wofatsa, wolankhula ataganiza, mapepala ake olongosoka. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, sindinapeze pomugwira. Iye ndi Fadila anamanga nikaha, ukwati wa Chisilamu, chaka chotsatira, ndipo chisanathe chakacho kunabadwa Sabra, kamtsikana ka masaya odzaza. Fadila ananenepa, anayambanso kuimba akamasoka. Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, n'kumauza aliyense kuti banja limenelo ndinalimanga ndine.

4

Lachisanu lina chaka chino, potuluka ku mzikiti, ndinamva munthu akundiitana kuti alamu. Nditacheuka ndinaona Zakaria, atatha thupi, jekete ikumukulira, envelopu yakhaki ili m'manja.

Anandipatsa salamu mwaulemu. Anati zamutengera zaka ziwiri kukonza mapepala ndi ulendo, koma wafika. Anati akudziwa kuti Fadila anakwiya kwambiri, koma mkwiyo ndi mkwiyo, wabwera kuti akhale pansi akambirane.

"Mkazi wanga ali kuti, alamu?"

Ndinamuuza kuti Fadila ndi mkazi wa mwini, ndipo ali ndi mwana. Sanakalipe. Zakaria amene ndinkamudziwa akanagwetsa mpanda, koma uyu anangokhala pansi pa kreti ya wogulitsa malalanje n'kumandiyang'ana.

"Wakwatiwa bwanji poti ine ndinamubwerera?" anafunsa. "Ndipo iye akudziwa. Anandiyankha."

5

Nkhani inapita kwa Shehe Osman, amene anamangitsa nikaha ya Umar. Tinakhala m'kachipinda ka kuseri kwa mzikiti, amuna uku, akazi uku, ena akusuzumira pa windo.

Zakaria anatulutsa mapepala atatu. Loyamba linali kalata ya shehe wa kumudzi kwawo, yosainidwa ndi mboni ziwiri, yonena kuti iye wamubwerera mkazi wake eda ili pa tsiku la makumi anayi. Lachiwiri linali imelo imene anatumiza kuchokera pa kashopu ka intaneti ku Mangochi boma, poti foni yake inatayika pamene anamugwira ndipo nambala ya Fadila inali itafa. Lachitatu linali yankho lochokera pa adiresi ya Fadila. Ashehe analiwerenga mokweza.

"Ndalandira kalata yako. Madzi akatayika saoleka. Usandilemberenso."

Fadila anaimirira mwana ali kumsana. Analumbira m'dzina la Allah kuti kalata imeneyo sanaionepo ndipo yankho limenelo sanalembe. Panamveka kung'ung'udza pa windo.

Ashehe analankhula pang'onopang'ono. Anati monga mwa chiphunzitso chimene timatsata, mawu obwerera akanenedwa eda isanathe ukwati umakhalapobe, mkazi amve kapena asamve. Ndiye kuti nikaha yachiwiri inamangidwa pamwamba pa nikaha ina, ndipo kuyambira tsiku limenelo Fadila ndi Umar sangagone nyumba imodzi. Chotsala chinali kudziwa ngati Fadila ankadziwa. Ngati sankadziwa, alibe tchimo ndipo mwana ali ndi bambo ake mopanda banga. Ngati ankadziwa, nkhani yake ndi ina, ndipo dzina la tchimolo sanafune kulitchula pamaso pa khanda.

Apo Zakaria wakale anadzuka. Analoza Umar n'kunena kuti ngati si Fadila ndiye ndi munthu ameneyu, kasitomala wodziwa adiresi, amene ankafuna mkazi wa mwini kuyambira kale. Umar anangoti sakudziwa kanthu. Kufatsa kwake, kumene ndinkakutama, tsiku limenelo kunamveka ngati kuvomera.

Ashehe anafunsa ngati alipo wina amene ali ndi mawu. Anayang'ana kwa ine. Ndinayang'ana mkeka.

Madzulo omwewo Fadila ndi Sabra anabwerera m'zipinda zanga ziwiri. Masiku asanu ndi limodzi otsatira anali ngati maliro opanda mtembo. Azimayi a ku mzikiti anasiya kumupatsa moni. Wina anabwera kudzatenga nsalu yake isanasokedwe. Choipitsitsa, Fadila anayamba kumufunsa Umar pa foni mafunso achilendo, kuti adiresi yake anaipeza liti, anaipeza kwa ndani. Ndinkamva zonsezi ndikutsuka mbale zotsuka kale.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Fadila anandigwira dzanja. Anati inu achemwali mumadziwa zinthu, ndithandizeni, itanani Mzambia uja adzaione kompyutayi. Ndinapereka zifukwa zitatu zokanira, zonse zinagwa. Ndinamuitana.

6

Kenneth anafika Loweruka masana. Kompyuta ija inali ikadali pa tebulo panga, poti Fadila atakwatiwa ndinapitiriza kumuwerengera maoda n'kumamutumizira pa foni. Anatsegula malo osinthira zinthu, anayang'ana kamodzi, n'kuimba mluzu.

"Eish, asisi. POP, na kabokosi simunachonge. Ninakuuzani, neh?"

Anamufotokozera Fadila mwachidule. Kalata iliyonse imene inabwera kuyambira tsiku lija inkayenda yokiya bwinobwino, palibe wa pa njira amene akanaiwerenga. Koma inkafikira pa tebulo limeneli basi, ku seva n'kufufutika. Fadila anafunsa ngati munthu wa kutali, monga Umar, akanatha kuiona. Kenneth anati pokhapokha akhale ndi pasiwedi yatsopano komanso athamange kuposa kompyuta. Kenako anatenga pepala la yankho lija, limene ashehe anatipatsa kope lake, n'kuloza pamwamba. Linatumizidwa Lachiwiri lina mu Epulo, nthawi itatsala pang'ono kukwana sikisi m'mawa.

Atanena zimenezo anakumbukira mwadzidzidzi kuti akumudikira ku Katlehong. Tiyi wake anamusiya wosamwa.

Fadila ananyamula pepalalo.

"Mu Epulo chaka chimenecho Umar ngakhale geti lathu sankalidziwa," anatero motsitsa mawu. "Pasiwedi ine sindinailowezepo. Sikisi m'mawa m'nyumba muno tinkakhala anthu awiri." Anakweza maso. "Komanso ine sindilankhula miyambi, achemwali."

Owerenga, izi ndi zimene ndakubisirani kuyambira pachiyambi, monga ndinamubisira iye.

Kalata yoyamba ya Zakaria inandipeza nditaima, kapu ya tiyi ili m'manja. Anapepesa, anati wamubwerera, anati amulembere. Fadila anali kuseri kwa katani akuswali. Ndinaifufuta, n'kuifufutanso mu bini. Yachiwiri inabwera ndi chithunzi cha kalata ya shehe. Ndinaiwerenga yonse, ndinamvetsa tanthauzo lake, chifukwa madrasa ndinaphunzira. Ndinadziuza kuti pepala la kumudzi silingawoloke Limpopo. Ndinaifufutanso.

Chimene chinandisokoneza ndi magetsi. Chaka chimenecho ankazima maola anayi nthawi imodzi. Kompyuta ikazima, makalata ankatsala ku seva, ndipo foni inkawaona. Tsiku lina magetsi atazima Fadila anakuwa mosangalala kuti oda yafika pa foni yake, chitetezo chatopa. Ndinadziwa kuti kalata yachitatu ikhoza kubwera mumdima ngati umenewo. Mawa lake, ndisanathamangire takisi, ndinakhala pansi n'kulemba ziganizo zitatu zija m'dzina la mng'ono wanga. Zakaria sanalembenso.

Zonsezi ndinamuuza Fadila nditagwada, ine amene sindinagwadirepo munthu ku Joni. Ndinati ndinkamuteteza. Ndinati aone mmene ananenepera kwa Umar. Sanalire, sanatukwane, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

"Masiku onse aja ndinkagwira foni, inu mumati ndinkadikira maoda?" anafunsa. "Ndikanabwerera, achemwali. Ngakhale wapansi ndikanapita ku Mangochi."

Kumbuyo kwathu kunamveka pulasitiki kukhwekhwereza. Umar anali pakhomo, atabweretsa matewera a Sabra. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji, koma mawu omalizawo anawamva onse. Anaika matewerawo pa mpando, anapsompsona mwana pamphumi, n'kutuluka.

7

Lolemba ndinakaulula kwa ashehe pamaso pa anthu omwe aja. Fadila anayeretsedwa, ndipo Sabra ndi mwana wa Umar mopanda banga. Chimenecho chokha ndi chimene ndinatha kubweza.

Zakaria anakhala mlungu wathunthu osaoneka. Atabwera anayang'ana mwana uja nthawi yaitali, n'kunena kuti sangalande mayi wa khanda la mnzake. Anapereka talaka, ndipo anati ulendo uno sabwerera. Anaipereka akulira, pamalo pomwe Fadila analumbirira. Ine sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Fadila anakana kukhala nane. Anapeza mkhukhu ku Ramaphosa, anasamutsa makina ake, anatsegula adiresi ina imene sindikuidziwa. Ali pa eda kachiwiri. Ikatha, Umar akhoza kumanganso nikaha ngati akufuna, koma mpaka lero sananene. Amatumiza zofunika za mwana kudzera mwa mkazi wa ashehe, ndipo basi.

Ndinayesa kukonza, poti kukonza ndi matenda anga. Ndinamudikira Umar pa geti la kuntchito kwake ku Spartan. Ndinamuuza kuti mawu amene anamva aja anali a Fadila wa zaka ziwiri zapitazo, kuti mkazi wake amamukonda, kuti wolakwa ndine ndekha. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, chifukwa ulemu sunamuchokere.

"Alamu, ndamva," anatero. "Koma nkhani za banja langa zisadzerenso kwa inu."

Ndinapita ku Ramaphosa kawiri. Ulendo woyamba Fadila anandiyankha salamu n'kupitiriza kusoka mpaka ndinanyamuka ndekha. Wachiwiri ndinamva makina akulira m'kati, ndipo nditagogoda anasiya kulira. Chitseko sichinatseguke.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka inu achemwali ndi achimwene amene munalera ana a anthu ndipo mukuganiza kuti kulera kunakupatsani umwini, ndimvereni. Kuiwala kabokosi kaja sikunali tchimo, munthu aliyense amaiwala. Tchimo linayamba tsiku limene ndinakumbukira n'kuona kuti zikundikomera. Mwina Zakaria akanamuvutitsanso Fadila. Mwina akanasintha. Sindikudziwa, ndipo palibe amene adzadziwe, chifukwa amene ankayenera kuyesa ndinamuchotsera mwayiwo ali pa mkeka akupemphera. Ngati mukusunga kalata, uthenga kapena mawu a munthu wina poganiza kuti mukumuchitira chifundo, kaperekeni lero, alire yekha, asankhe yekha, ngakhale asankhe zopusa.

Eda ya Fadila ikutha mwezi wamawa. Ndilibe chimene ndinganene, ndilibe kumene ndingapite, ndilibe fomu imene ndingadzaze. Umar akabwerera kapena akapanda kubwerera, ine ndidzamva kwa anthu pa renki.